Matope a pa Phewa

Scholastica anali akufinya jezi ija, madzi a m'sinki atayamba kuyera, pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Anapukuta manja pantchafu n'kuyankha. Anali Deborah, mwana yekhayo wa a Gerard, akuimba ali pabwalo la ndege ku England.

"Sikola, adokotala andiimbira. Akuti adadi mwina safika mawa. Ndege yanga yachedwa, ndifika madzulo. Panopa atsitsimuka pang'ono, ndipo akungofunsa chinthu chimodzi, jezi yawo. Ili m'bokosi pamwamba pa wadiropu. Mungawapititsire?"

Scholastica anayang'ana m'manja mwake. Jeziyo inali ikudontha madzi.

"Koma chonde muinyamule ndi bokosi lomwe," anapitiriza Deborah. "Musaikutumule, matope aja amayoyoka. Amayi anakhala nawo pabanja zaka zonse zija, koma sanaloledwe kuiviika m'madzi ngakhale tsiku limodzi. Panopa poti saona, amaizindikira ndi matope omwewo. Sikola, mukundimva?"

"Ndamva," anatero Scholastica.

Foni itadulidwa anaima pomwepo. Madzi otsala anali akutsika m'paipi ndi kaphokoso ngati munthu akumeza. Pansi pa sinki panatsala kamchenga pang'ono. Anakakhudza ndi chala, ndipo nako kanatsetserekera m'dzenje.

Anali atagwira ntchito m'nyumba imeneyi ya ku Crumlin, m'dziko la Ireland, kwa zaka zingapo, kusamalira a Gerard, nkhalamba yoyandikira zaka makumi asanu ndi anayi. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaphikira phala, ndi kuwapaka mankhwala paphewa lomwe linkawawa nyengo yozizira ikafika. Thupi lawo ndi lomwe linayamba kumuuza mbiri yawo, eni ake asanatsegule pakamwa. Zala ziwiri zinali zokhota, mphuno inapendekera mbali imodzi, ndipo pansi pa khungu la phewa panali fupa lomwe linalumikizana mokwerana.

Mbiri yotsalayo ankaiponya pang'onopang'ono, akumwa tiyi. Anakulira mumsewu womwewu nkhondo yaikulu itangotha, akusewera mpira wa makolo a ku Ireland, womwe umaphunzitsa mwana kuwakha mpira uli m'mwamba. Ntchito itasowa anawoloka nyanja kupita kumpoto kwa England kukasenza njerwa. Kumeneko wina anawaona akuwakha chipewa chouluka ndi mphepo pamwamba pa makwerero, n'kuwatengera kubwalo la ragibi, ragibi ya anthu khumi ndi atatu mbali iliyonse, yomwe osewera ake ankalipidwa. Anawaika kumbuyo kwenikweni, malo omwe ankawatcha fulubaki. Anasewera mpaka anasankhidwa kuvala jezi ya dziko limenelo, n'kukafika ku France ndi ku Australia.

"Kumsana anandilemba nambala wani, koma ndinkaima kumapeto kwa onse," ankatero. "Wina aliyense akalakwitsa, kumbuyo kwake kunali mnzake. Kumbuyo kwanga kunali mzere ndi Mulungu basi."

Scholastica sankamvetsa malamulo a masewerawo, ndipo sanayerekezepo kuti akumvetsa. Chomwe ankadziwa n'chakuti akapinda masokosi n'kuwaponya mokweza, manja okhota aja ankadzuka okha n'kuwalandira pachifuwa ngati khanda. Maso atatheratu, a Gerard ankamuuza kuti aziponyabe, azingonena kuti "m'mwamba" poponyapo. Nthawi zambiri masokosi ankawagwera pamutu, onse n'kuseka.

Anali munthu wosalankhula zambiri, ndipo ubwino wawo unali wa tinthu ting'onoting'ono. Belu la pemphero la masana likalira pawailesi ankavula kapu n'kudikira kuti Scholastica amalize. Bisiketi yomaliza m'mbale ankaikankhira mbali yake, n'kunamizira kuti mano akuwawa. Ndipo tsiku lomwe amayi ake a Scholastica ankaikidwa ku Bembeke, iye ali kuno mapepala ake okhalira m'dziko muno asanatuluke, anaonera maliro pafoni ali pakhitchini pomwepa. A Gerard anamulanda foniyo n'kumugwirira chilili mpaka mwambo wonse unatha. Mchimwene wake ataponya dothi m'manda m'malo mwake, Scholastica anapeza kuti dzanja lake lomwe lafumbata, koma munalibe kanthu.

Za jeziyo a Gerard anazitchulapo kamodzi kokha. "Ndikadzapita, mudzandiveke ili m'bokosi pamwamba pa wadiropu." Choncho chibayo chitawagoneka m'chipatala, m'mawa umenewu iye akusesa kuchipinda, anakwera pampando n'kutsitsa bokosilo kuti aone ngati njenjete sizinalowemo. Anapeza jezi yoyera yomwe inasanduka yachikasu, ili ndi chigamba cha matope ouma gwa paphewa. Mtima unamupweteka. Kwawo munthu sapita kwa Mulungu atavala zakuda. Amasambitsidwa, amadzozedwa, amavekedwa zochapa ndi zosita, ngakhale akhale wosauka bwanji. Anaganiza kuti Deborah, ndi zotanganidwa zake, sadzakumbukira. Sanaiponye m'makina. Anaichapa ndi manja, m'madzi ofunda, akuipempherera nkhalambayo, ndipo matopewo anawasungunula pang'onopang'ono ndi chala chachikulu kuti ulusi usaduke.

Anaimbira a Frackson, mwamuna wake, omwe ankayendetsa vani yoperekera katundu m'makomo. Sanachedwe. Analowera khomo la kuseri akukutumula mvula pajekete, n'kuima kuyang'ana jezi itayanikidwa chafufumimba pampando.

"Ndiye ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Yayera bwino," anatero a Frackson. "Mayi a Linda, inu mukanakhala ku myuziyamu bwenzi mutatsuka chilichonse. Mafupa a makolo omwe, ndi sopo."

"Musaseke, bambo a Linda."

"Sindikuseka ayi." Anakanda m'mutu. Anasuzumira pawindo, kuyang'ana kadimba ka kuseri komwe malemu akazi a a Gerard anadzala maluwa a rozi. Mvula inali itafewetsa nthaka. "Kodi dothi la ku England lili ndi chidindo?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Dothi ndi dothi. Lili apo lambirimbiri, laulere."

"Ndikanamize munthu ali pamphasa ya imfa?"

"Munthuyo saona."

"Mulungu amaona."

"Amaonanso kuti mkuluyu watsala ndi maola ochepa ndipo akufuna chinthu chake. Mukufuna mukamuuze chiyani? Kuti pepani agogo, zaka zanu zonse zija zapita m'paipi ya khonsolo? Afe akulira? Inuyo mtima wanu uyera, nanga iyeyo?"

Kwa Scholastica, mawu a mwamuna wake sanali oipa. A Frackson ndi omwe ankabwera Loweruka kudzatchetcha kapinga wa nkhalambayo osalandira kanthu, ndi kumvetsera nkhani za ku Australia zomwe anali atazimva kale.

"Matopewo anali mbali iti?" anafunsa a Frackson atatenga kale supuni.

"Cha uku," anatero iye akuloza, osayang'anitsitsa.

Anayamba aumitsa jeziyo ndi makina oumitsira tsitsi omwe anawapeza m'dirowa ya malemu. Kenako a Frackson anatuluka m'mvula, n'kubwera ndi dothi lakuda la patsinde pa rozi m'kambale. Analipaka ndi chala mosamala ngati akumata ming'alu ya khoma, akuluma lilime. Scholastica anagwira makinawo mpaka matope anauma n'kuchita ming'alu. Fungo la sopo linali likumvekabe, choncho anaikulunga jeziyo m'nyuzipepala zakale za m'bokosi momwemo n'kutseka.

"Mwaona? Ngakhale mwini wake wa fakitale sangadziwe," anatero a Frackson. Koma sanamuyang'ane kumaso.

Magalimoto anali atathithikana pamlatho wa ngalande, ndipo zopukutira galasi zinkapita uku ndi uku. Scholastica anafungatira bokosi pamiyendo, korona ili m'dzanja. Anayamba Tikuoneni Maria, koma atafika pa mawu akuti "ife ochimwa" lilime linalemera, ndipo chala chinakhala pa mkanda womwewo mpaka anafika ku chipatala cha St James's.

Wodiyo inali pamwamba. Namwino wina, mayi wa ku Chipata, atamva Scholastica akulankhula ndi mwamuna wake anawapatsa moni m'chinenero chakwawo, n'kuwatsogolera kubedi la pakona. Anakoka makatani, anasendeza mpando pafupi, n'kuchoka mwakachetechete. A Frackson anatsalira kunja kwa katani.

A Gerard anali atachepa. Munthu yemwe zithunzi za pakhoma kunyumba zinkamuonetsa ali ndi khosi ngati la ng'ombe, tsopano anali ngati mwana pakati pa mapilo. Timachubu ta mpweya tinali m'mphuno. Maso awo otuwa anali otsegula, akuyang'ana kudenga.

"Ndi Sikola ameneyo," anatero ndi mawu otsika. "Ndamva nsapato. Imodzi imalira."

"Ndine, bambo."

"Mwadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Pali yogati apo, andipatsa ine. Mano akuwawa."

Scholastica anatsegula bokosi, anachotsa nyuzipepala, n'kuyala jeziyo pachifuwa pawo monga momwe munthu angaivalire, kolala ili pansi pa chibwano.

Dzanja lamanja la a Gerard linadzuka. Silinafufuze. Linadutsa pachifuwa molunjika ngati munthu wopita kwawo, n'kukatera paphewa la kumanzere.

Pamenepo nsalu inali yofewa, yoyera, yopanda kanthu.

Scholastica anazindikira. Phewa la kumanzere. Ndi lomwe linathyoka, ndi lomwe iye mwini ankalipaka mankhwala m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi. Pakhitchini paja jezi inali itagona chafufumimba, nambala ili pamwamba, ndipo iye analoza mbali yolakwika.

Zala zokhota zija zinaima. Zinasisita malowo kamodzi, n'kubwerezanso. Zinatsina nsalu n'kuipekesa. Kenako zinakhala phee kwa nthawi yomwe kwa Scholastica inali yaitali kuposa ulendo wonse wa m'vani. Nkhope ya nkhalambayo sinasinthe, koma kholingo linakwera n'kutsika. Ndiyeno dzanja linanyamuka pang'onopang'ono, linatsata kolala, linawoloka kupita kumanja, n'kupeza chigamba cha matope.

"Aa," anatero a Gerard. "Ndi awa."

Anawasisita ndi chala chachikulu. Tizidutswa tinayoyokera pa shiti yoyera ya chipatala.

"Sindinakuuzenipo za tsiku limeneli," anatero. "Khalani pansi."

Anakhala. Ankalankhula mopumira, mawu angapo kenako mpweya, ndipo nthawi zina Scholastica ankachita kuwerama kuti amve.

Bambo awo, anatero, sanawakhululukire chifukwa chopita ku England. Kusenza njerwa za Angelezi analola, poti njala inalipo. Koma kusewera masewera awo, kulandira ndalama zawo, mpaka kuvala jezi yawo, zimenezo anati ndi kugulitsa miyendo yomwe Mulungu anaipereka ku Ireland. Anthu a mpira wa makolo anafufuta dzina la Gerard ku kalabu ya m'dera. Akabwera pa Khirisimasi, bambowo ankanyamuka patebulo n'kupita kukakhala kukhitchini. Zaka zinapita choncho. Dzina lawo linkatuluka m'nyuzi za kutsidya, amayi awo ankadula n'kubisa, bambo osafunsa.

Masewero awo omaliza a dziko anachitikira pabwalo la timu yawo yomwe, m'tauni ya migodi ya malasha, motsutsana ndi a ku France. Mvula inagwa sabata yonse, ndipo bwalo linali ngati dimba. Chakumapeto, chimunthu china chachikulu chinabowola pakati, chinadutsa onse, n'kutsala ndi Gerard yekha ndi mzere.

"Ndinamuona akubwera. Ndinadziwa kuti chinachake chithyoka, changa kapena chake. Ndinalowa ndi phewa. Tinagwa tonse, iye pamwamba. Ndinamva ngati nkhuni youma yathyoka. Koma mzere sanaufike."

Anapuma. Makina a pambali pa bedi ankalira mofatsa.

"Anandigoneka pabenchi m'chipinda chovalira, ndikudikira ambulansi. Chitseko chinatseguka. Ndinaona chikhoti chakuda chonyowa, chipewa chili m'manja. Anali adadi. Anakwera sitima ya pamadzi osauza munthu, ngakhale amayi. Anaima pamvula ndi anthu a m'migodi masewero onse. Anabwera pomwe ndinagona, anandiyang'ana, n'kuika dzanja apa." Dzanja la a Gerard linayamba kulowera kumanzere, koma linabwerera msanga pa matope. "Pamatope pomwepa. Anakanikiza, osadziwa kuti ndi pomwe pathyoka. Ululu wake ndinaona nyenyezi. Koma sindinakuwe. Ndikanakuwa akanachotsa dzanja."

"Anati chiyani?" anafunsa Scholastica monong'ona.

"Anati, wadetsa malaya. Basi. Anavala chipewa n'kupita kukakwera sitima. Chaka chotsatira tinawaika m'manda. Ine phewa silinabwererenso, mpira unathera pomwepo. Bwalo lija analigumula kalekale, pano pali sitolo yaikulu ndi poimika magalimoto. Deborah anandipititsako. Ndinaima pomwe panali mzere, munthu wina n'kundiimbira hutala."

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Scholastica anawadzutsa mutu, anawamwetsa madzi ndi kasiponji, n'kuwapukuta pakamwa. Atagonanso anakokera jezi kumphuno n'kununkhiza nthawi yaitali.

"Kodi ku Crumlin mvula yagwa lero?"

"Yagwa, bambo."

"Ndinadziwa," anatero. "Maluwa a mayi ake a Deborah amakonda mvula yotere. Dothi la pamenepo ndi labwino. Ndinalisenza ndekha pa wilibala." Anafufuza dzanja la Scholastica pa bulangeti, n'kuligwira. "Mwachita bwino kubwera nayo, Sikola. Zikomo."

Liwu lomalizalo analinena m'Chichewa, monga ankachitira akalandira kapu ya tiyi. Kenako zikope zinatsika.

Scholastica anakhala osagwedezeka. A Gerard anadziwa. Anadziwa kuyambira pomwe zala zinaima paphewa loyera, ndipo ananunkhiza dothi la m'dimba lawo lomwe n'kulizindikira. Chinthu chokhacho chomwe bambo awo anawasiyira chinapita ndi madzi a sopo, ndipo iwo, ndi mpweya wochepa womwe unatsala, anasankha kumutchinga iye kuti asachite manyazi.

Katani inagwedezeka. A Frackson analowetsa mutu. Maso awo anali ofiira, poti anamva zonse.

"Zatheka," ananong'ona. "Agona mwamtendere. Tiyeni tikadikire Deborah panja."

"Adziwa."

"Ngati adziwa ndiye akhululuka kale. Mwamva okha akuti zikomo. Musawadzutse, mayi a Linda. Zisiyeni choncho."

Mwina a Frackson ankanena zoona. Scholastica anayang'ana nkhalambayo. Mpweya unkalowa mofupika, n'kutuluka mochedwa, ndipo pakati pake pankakhala kadanga komwe kankatalika. Deborah anali adakali m'mwamba penapake pa nyanja. Akadikira, ndiye kuti a Gerard apita atasenza okha bodza lomwe silinali lawo, ndipo iye adzatsala ndi dzanja lofumbata lopanda kanthu monga tsiku lija pakhitchini.

Anasendeza mpando, n'kugwada pansi pozizira pambali pa bedi, monga akanagwadira pamaso pa bambo ake omubala. Dzanja la a Gerard linali likadali m'dzanja lake, ndipo linalo linali pa matope a ku Crumlin. Anayamba m'Chingelezi kuti amve, koma mawuwo anamuthawa, ndipo zomwe zinatuluka zinali za kwawo. Sananong'one. Namwino uja, yemwe ankadutsa ndi thireyi, anaima kuseri kwa katani.

"Bambo, ndine ndinachapa. Ndinaona ngati ndi litsiro, ndinafuna mupite mutayera. Dzanja la bambo anu ndalitsuka ndine, ndi manja angawa. Kenako ndinatapa dothi la m'dimba kuti ndikunamizeni. Mwandichitira chifundo, koma ine sindinapemphe. Ndikupempha tsopano. Ndikhululukireni, bambo. Ndikhululukireni."